Kabotolo ka octane booster kaja ndakayesa pa Sienta, nayi nkhani yake

Anthu ambiri akhala akundifunsa za timabotolo ta octane booster, mankhwala othira mu thanki ya petulo, tomwe tadzadza m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi ku Ndirande, ena mpaka akuyenda nato pamzere wa mafuta penipeni, kuti kodi timathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama. Ine ndinena mosapsatira: ngati galimoto yanu ndi Sienta, Vitz, Passo, Probox, Note, Fit kapena Demio, izi zomwe ambirife timayendera mu Blantyre muno, kabotolo kameneko sikakuwonjezerani mphamvu, sikachepetsa kamwedwe ka mafuta, ndipo mukamakathira pafupipafupi kakhoza kukupherani mapulagi ndi sensa. Dzina la kampani sinditchula chifukwa mitundu yake ndi yambiri ndipo nkhani yake ndi imodzimodzi, chofunika ndi zomwe zili mkatimo osati chithunzi cha galimoto ya mpikisano chomwe amamata kunjaku.

Kanga ndinakagula pa shopu ina ku Limbe. Mnyamata wogulitsayo ndi waulemu ndithu, sanandikakamize, ananditsitsira mitundu yonse yomwe inali pa shelefu mpaka kundiwerengera zolembedwa kuseri, koma nditamufunsa kuti achimwene mkatimu muli chani kwenikweni, anangoti "bwana imeneyi ndi yamphamvu, mukathira galimoto imachita kuuluka, mafuta muzigwiritsa ntchito hafu." Sindikumuda mwanayo, akunena zomwe anauzidwa ndi omwe amamupatsa katunduyo, koma mawu amenewo ndi omwe akudyera anthu ndalama, ndipo mtengo wa kabotoloko unkafanana ndi malita angapo a petulo, omwe masiku ano tonse tikudziwa mmene tikuwavutikira.

Vuto limayambira poti ambiri timaganiza kuti octane ndi mphamvu ya mafuta, kuti 95 ndi wamphamvu kuposa 93. Ayi. Mkati mwa injini pisitoni imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo, kenako pulagi ndiyo imayatsa moto panthawi yake, motowo nkumayenda bwinobwino kukankha pisitoni. Koma kukatentha kwambiri ndipo kupanikizako kukachuluka, mpweya wina wakumbali umaphulika wokha moto wa pulagi uja usanafikeko, ndiye mumamva kaphokoso kaja ka tikitikitiki ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, makamaka mukamakwera chitunda mutanyamula. Amakaniko amati injini ikunoka. Nambala ya octane imangonena kuti petuloyo angapirire kupanikizidwa mpaka pati asanaphulike yekha, basi. Injini yomwe sikunoka kale ilibe choti ipindule mukaikwezera nambala imeneyo, chifukwa vuto lomwe mukufuna kuchizalo kulibeko.

Ndiye taonani magalimoto athuwa komwe anachokera. Ku Japan pa filling station pamakhala petulo wamitundu iwiri, regular yemwe amakhala cha m'ma 90 ndi wina wokwera yemwe amayandikira 100. Sienta yakale ija ya injini ya 1NZ-FE 1.5, Probox, Vitz ya 1.0, zonsezi anazipangira regular, galimoto za mayi wopita kumsika ndi munthu wonyamula katundu wa shopu, sizinapangidwe kuti zizimwa petulo wodula. Ku America bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA linachita kuyesa zimenezi mu 2016, kuthira petulo wa octane yokwera m'magalimoto opangidwira regular, ndipo sanapeze kusintha kwenikweni pa mphamvu, pa kamwedwe ka mafuta olo pa utsi. Amenewotu anathira thanki yonse petulo wokwera weniweni, osati kabotolo.

Komanso pali zinthu ziwiri za kwathu konkuno zomwe ogulitsa timabotoloti sakuuzani. Choyamba petulo wa pa pampu ku Malawi amasakanizidwa kale ndi ethanol, zinayamba kalekale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa ija, kenako PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004, onse amapanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol octane yake imapitirira 100, ndiye kuti chokwezera octane chenicheni chili kale mu thanki yanu ndipo mwalipira kale pa pampu. Inde ethanol ali ndi mphamvu yocheperako pa lita poyerekeza ndi petulo, apa mukuonanso nokha kuti octane yokwera ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chachiwiri Blantyre ili pamtunda, yokwera mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirako ndiye injini yopanda turbo siipanikiza kwambiri ngati mmene imachitira ikakhala ku Beira kapena ku Dar. Amene munakhalako ku Joni mukudziwa, ku Johannesburg anthu ambiri amathira 93 pomwe ku Durban ndi ku Cape Town m'mphepete mwa nyanja ndi 95, chifukwa chake ndi chomwechi.

Kayesedwe kanga kanali kosavuta ndipo aliyense akhoza kupanga. Kudzadza thanki mpaka pampu idule yokha, kubweza ka trip kowerengera makilomita kaja pa zero, kuyenda mayendedwe anga amasiku onse, Machinjiri kulowa mtauni, Highway kupita ku Limbe, kubwerera madzulo ndi jamu ya pa Ginnery Corner, kenako kudzadzanso nkugawa makilomita ndi malita omwe alowa. Ndinapanga choncho popanda kabotolo, ndinapanganso nditathira, mobwerezabwereza nthawi yomwe mafuta ankapezeka oti nkudzadza. Kusiyana komwe ndinaona ndi komwe kamakhalapo kale thanki ndi thanki, sabata yomwe jamu yachuluka kapena ndayatsa kwambiri AC mafuta amathamanga, sabata yomwe ndatulukako kunja kwa tauni amakhalitsa, kabotolo kali mkati kapena ayi. Ndinapitanso nayo ku Nchalo dala, chifukwa ngati pali malo oti injini inoke ndi pobwerera, kuchoka pa Thabwa kukwera zitunda zija masana dzuwa la ku chigwa lili phwee, galimoto itadzadza anthu ndi matumba kumbuyo. Inakwera mmene imakwerera nthawi zonse, kulira kwake komweko, phazi lofika pomwe limafika. Palibe chinasintha.

Ndipo mukachita masamu simungadabwe. Thanki ya Sienta imalowa malita 42, kabotolo ndi ka 300ml, sikakukwana olo 1 pa 100 ya mafutawo. Tiyerekeze kuti mu thanki muli malita 40 a petulo wa 92 ndipo mu kabotolomo muli mankhwala a octane ya 110, mukasakaniza mupeza 92.1, simunafike olo 93. Apa ndi pomwe pali kuchenjera kwa zolembedwa zija: akalemba kuti kamakweza ndi ma points akutiakuti, dziwani kuti ma points 10 ndiwo amapanga nambala imodzi ya octane. Munthu amawerenga 5 points nkumaganiza kuti achoka pa 92 kufika pa 97, chonsecho wachoka pa 92 kufika pa 92.5. Sananame, koma akudziwa bwino mmene inu muwerengere.

Timabotolo tomwe timakwezadi octane mooneka ndi kadontho kochepa ndi tomwe tili ndi chitsulo mkati, ndipo apa ndi pomwe nkhani yanga yasiya kukhala ya kutaya ndalama chabe. Yang'anani kuseri, mukaona mawu oti MMT kapena manganese, kapena ferrocene yemwe ndi wa ayironi, dziwani kuti chitsulo sichipsa nkutha ngati petulo, chimatsala. Alamu anga ali ndi Vitz ndipo iwo ankathira booster pafupifupi thanki iliyonse, ankati amamva kuti galimoto yapepuka. Patapita miyezi inayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti, m'mawa kulira movutikira, kenako kanyale ka check engine nkuyaka. Ndinawaperekeza kwa makaniko wathu ku Chirimba, bambo wachikulire wosalankhula zambiri, anamasula makoyilo atatu aja nkutulutsa pulagi yoyamba, kuiyang'ana padzuwa, nkutipatsa kuti tione tokha. Kunsonga kuja komwe kumayenera kukhala kotuwirako kunali kofiira, dzimbiri lokhalokha louma, ukakanda ndi chikhadabo likuyoyoka ngati ufa, zonse zitatu chimodzimodzi. Anangofunsa kuti "kodi alamu anuwa akumathira chani mu thankimu?" tisanawauze nkomwe. Anati akaona mtundu umenewo safunanso kompyuta, amadziwiratu.

Mapulagi ndi pang'ono, mumasintha nkuiwala. Koma utsi womwewo umadutsa pa oxygen sensor ya pa ekizozi, yomwe imauza kompyuta ya galimoto kuti ithire mafuta ochuluka bwanji, ikakutidwa imayamba kuchedwa kuyankha kapena kunama, ndiye galimoto imayamba kumwa kwambiri, munthu amene anagula kabotolo kuti asunge mafuta ndi amene akuthera mafuta. Kuseri kwa sensayo kuli catalytic converter, chosefa utsi, mkati mwake muli timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri, fumbi la chitsulo lija likamaunjikana timatsekeka galimoto nkumabanika pa chitunda. Ndikudziwa ena muti ife tinachotsa kale chimenecho, koma sensa ndi mapulagi muli nazobe. Alamu anasintha mapulagi ndi sensa, ndalama yake ikanawagulira petulo wambiri ndithu, ndipo sensa yabwino kuipeza kunali kuzungulira. Paja kale petulo ankamuthira lead pa chifukwa chomwechi chokweza octane, mayiko a kuno kummwera kwa Sahara anasiya pofika 2006 ndipo dziko lomaliza padziko lonse, Algeria, linasiya mu 2021, chifukwa ankawononga thanzi la anthu komanso kupha ma catalytic converter. Ndiye zimandipweteka kuona tikubwezera chitsulo china mu thanki ndi manja athu, cholipira.

Ena mundiuza kuti koma ine yanga inkanoka, nditathira inasiya. Ndikukhulupirirani, zimachitika, koma funso ndi loti galimoto yopangidwira regular ikunokeranji. Nthawi zambiri yankho lili ku mafuta a m'zigubu. Mafuta akasowa tonse timakakamizika, ana akuyenera kupita ku sukulu, ntchito siidikira, ndiye umagula kwa mavenda pamsewu osadziwa kuti chigubucho chadutsa kuti. Ena amasakaniza palafini, ndipo palafini octane yake ndi yotsika kwambiri, injini imanoka nthawi yomweyo nkumasiya mwaye. Kwina ndi madzi, chigubu chakhala pamvula kapena sichinaume bwino, ndipo petulo wa ethanol akakumana ndi madzi ochulukirako, madziwo amakoka ethanol uja nkukhala naye pansi, pamwamba nkutsala petulo yemwe octane yake yatsika, pansi pomwe pampu ya mu thanki imakokera pali zamadzimadzi. Kabotolo sikachotsa palafini, sikachotsa madzi, kamangophimba phokoso. Zikatero chabwino ndi kukhetsa thanki, kapena ngati ndi pang'ono kudzadza petulo wabwino wa pa pampu kuti asungunule.

Kwina si mafuta nkomwe. Injini ikutentha chifukwa fani siikuzungulira bwino kapena radiyeta yatsekeka ndi madzi a pampopi omwe timathira m'malo mwa coolant, mapulagi ndi olakwika omwe anangokupatsani kuti "amalowa", fyuluta ya mafuta yatsekeka ndiye petulo akufika wochepa, kapena kaboni wachuluka pamwamba pa mapisitoni. Magalimoto akale a kabyuleta ndi distributor, ma pickup aja onyamula mchenga ndi njerwa, nthawi zambiri ndi timing chabe, nthawi yoyatsira moto ija, yomwe yapita patsogolo, makaniko wodziwa amaibweza mphindi zochepa. Magalimoto atsopanowa ali ndi knock sensor, ikamva kunoka kompyuta imachedwetsa moto yokha kuti iteteze injini, ndiye ngati inu mwafika pomva ndi khutu lanu tsiku ndi tsiku, pali china chake chomwe chikufuna sipanala osati botolo.

Tsono chilungamo, si onse omwe nkhaniyi ikuwakhudza mofanana. Tsegulani kachitseko ka pothirira mafuta muone mkati mwake, kapena buku la galimoto ngati linabwera nalo. Golf ndi Polo za TSI, BMW, Benz, Subaru za turbo, zambiri zimalembedwa 95 kapena kuposa, ndipo zimenezi zimafunadi octane chifukwa turbo imakankhira mpweya wambiri mu injini, olo phindu la pamtunda lija kwa izo ndi lochepa. Zikapatsidwa petulo wotsika kompyuta imabweza moto, galimoto imafooka nkumamwa kwambiri, ndipo mukamaipondabe mwamphamvu kukutentha mukhoza kuvulaza pisitoni. Poti kuno pa pampu sitisankha, petulo ndi mmodzi yemweyo, mwini galimoto yotere ndimamumvetsa akasunga kabotolo kamodzi mu buti ka tsiku lomwe wathira mafuta okayikitsa ali kutali. Koma asankhe kolembedwa bwino zomwe zili mkati, kosatsegulidwa, apewe kachitsulo kaja ngati angathe, ndipo chachikulu achepetse phazi mpaka apeze mafuta abwino. Kuthira thanki iliyonse ayi, olo pa Benz.

Pa shelefu yomweyo pali mtundu wina womwe anthu amausokoneza ndi booster, wotsukira ma injector, ndipo umenewu ndiye ndingauyamikireko. Ntchito yake ndi ina, ndi sopo wa m'njira ya mafuta. Ma injector, omwe amapopera petulo mu injini, ali ndi timabowo tating'ono kwambiri, tikayamba kutsekeka petulo satuluka ngati nkhungu, amachita kudontha, galimoto nkumanjenjemera pa idle, ikaima injini ikulira, ndi kuchedwa kuyankha mukaponda. Magalimoto athuwa amabwera atayenda kale makilomita ambiri ku Japan, nkudzakumana ndi fumbi lathu ndi zigubu, ndiye litsiro limakhalapo ndithu. Ndinathira pa Sienta yomweyo nthawi ina ikuchita kakunjenjemera pang'ono pa maloboti, thanki imeneyo isanathe idle inakhazikika. Mphamvu sinawonjezere kuposa mmene inapangidwira, inangobwerera mwakale. Yang'anani olembedwa PEA kapena polyetheramine, ndi omwe amatsukadi, ambiri otchipawo ndi mafuta opepuka chabe opaka mtundu. Thirani mwa apo ndi apo, makamaka mukatsala pang'ono kusintha oyilo kuti zotsukidwazo zikapita mu oyilo zituluke naye, osati sabata iliyonse. Ndipo ngati injector yafa kapena yatsekeka kwambiri, ikufunika kumasulidwa nkukatsukidwa pa makina, botolo silidzutsa chakufa.

A Mark X ndi a TSI dziwaninso ichi, injini zanu zambiri ndi za direct injection, petulo amathiridwa mkati mwenimweni mwa silinda osadutsa pa ma valve olowetsa mpweya, ndiye kaboni yemwe amaunjikana kuseri kwa ma valve amenewo palibe mankhwala a mu thanki omwe angamufike. Wogulitsa akakuuzani kuti botolo lake litsuka pamenepo, sakuidziwa injini yanu.

Za timapilisi toponya mu thanki ndi timaginito tomangirira pa paipi ya mafuta sinditaya nthawi, bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA linayesa zipangizo zoposa 100 zomwe ankati zimasunga mafuta ndipo silinapeze chopulumutsa mafuta mooneka, petulo sakokedwa ndi maginito. Koma chomwe chinandiopsa ndi chomwe ndinamva pamzere pa Kameza, madalaivala akulangizana kuti uziponya timibulu toyera tija toika m'zovala tothamangitsa njenjete ndi mphemvu, ati timakweza octane. Abale musayerekeze. Ta naphthalene timayaka ndi mwaye wambiri ndipo tikapanda kusungunuka bwino timakatseka kasefa ka pampu, ndipo tambiri ta masiku ano ndi ta mankhwala ena okhala ndi chlorine, omwe akapsa amatulutsa asidi wodya zitsulo za injini ndi ekizozi. Chimodzimodzi zonata zija zothira mu oyilo kuti galimoto isiye kufuka, pa injini ya VVT-i ya ma Toyota athuwa, yomwe imadalira oyilo wopepuka kudutsa m'tinjira tating'ono, mukhoza kubisa utsi sabata zingapo nkudzipezera vuto lalikulu kuposa lomwe munali nalo.

Chomwe chinasinthadi kamwedwe ka Sienta yanga ndi zinthu zosasangalatsa kumva. Fyuluta ya mpweya, yomwe ndi fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala m'misewu ya m'makwalala mwathumu imada msanga kuposa mmene buku limanenera, mpweya wa m'mateyala womwe ambiri timangoyang'ana ndi maso, mapulagi enieni osati achinyengo omwe adzadza m'mashopu, ndi kuchotsa katundu wosafunika yemwe amangogona mu buti. Mabuleki ogwira pang'ono osadziwika nawonso amadya mafuta koopsa, mukayenda kamtunda gwirani pafupi ndi limu lililonse mumve ngati lina likutentha kuposa anzake. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa timabotolo ta miyezi iwiri ta alamu aja.

A maminibasi ndi ma Hilux a dizilo, ndakuonani nanunso mukufunsa pa shopu paja. Octane sikukukhudzani nkomwe, injini ya dizilo ilibe pulagi yoyatsa moto, imafuna mafuta oyaka okha msanga akapanikizidwa, zomwe amayeza ndi nambala ina yotchedwa cetane, ndiye octane booster kwa inu ikukokera kumbuyo. Ngati mukufuna kuteteza pampu ndi ma injector anu odulawo, khetsani madzi pa fyuluta ya dizilo pafupipafupi, ili ndi kokhetsera pansi pake, ndipo musinthe fyulutayo nthawi isanakwane mukakhala kuti mwathirako za m'zigubu.